Tayala likaphwa tisadikire a ku tauni



Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wafuna thirakitala wafunanso tayala lophwa. M'minda mwathu muli minga, zitsa ndi miyala yakuthwa. Tayala lidzaphwa basi. Nanga likaphwa titani?

Maganizo anga ndi awa: koperativa iliyonse imene imalima ndi thirakitala ipange chida chake chomatulira matayala. Ichipange m'chilimwe, mvula isanagwe.

Chifukwa chake n'chiyani?

Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano mvula imayamba cha mu Novembala. Masiku olima ndi obzala ndi owerengeka. Tayala likaphwa nthawi imeneyo, makaniko onse amakhala otanganidwa. Kunyamula gudumu lalikulu kupita nalo ku Ulónguè kumafuna galimoto, mafuta ndi ndalama. Sabata imatha thirakitala ili chiimire, dalaivala ali pansi pa mtengo. Chimanga chobzala mochedwa sichidzaza nkhokwe.

Dziko lathu linaphunzira kale zimenezi. Titalandira ufulu mu 1975, amisiri ambiri achipwitikizi anachoka. Mwa anthu 10 alionse, 9 sankadziwa kuwerenga. Mu 1977 msonkhano waukulu wachitatu wa FRELIMO unaika mtima pa minda ikuluikulu ya boma, monga CAIA ya ku Angónia. Mathirakitala ambiri anagulidwa kunja. Koma ochuluka anaima msanga. Zitsulo zosinthira kunalibe, odziwa kukonza anali ochepa. Mu 1983 msonkhano wachinayi unavomereza vutoli, n'kulimbikitsa ntchito zing'onozing'ono zodalira zimene anthu ali nazo pafupi. Phunziro lija likadali lamoyo. Makina amene sitingathe kuwasamala tokha ndi alendo pamudzi pathu.

Chovuta chili pati?

Tayala lili ndi milomo iwiri. Mlomo ndi mbali ija yolimba imene imagwira limu, ndiye kuti gudumu lachitsulo. M'kati mwa mlomo muli mawaya. Pakapita zaka, matope ndi dzimbiri zimamata mlomo ku limu. Kuti mutulutse chubu, yambani mwamatula mlomowo. Apa ndi pamene anthu amatuluka thukuta.

Ena amati, "Aaa, hamala ilipo, n'kuvutikiranji?" Hamala imadumpha pa mphira n'kubwerera kumaso. Ikaphonya imapinda limu. Ena amapondetsa tayala ndi galimoto. Njira imeneyi imathyola ulusi wa m'kati, ndipo tayala limadzatupa pambali. Tayala lakumbuyo ndi lodula kwambiri. Ndalama zake ndi thukuta la mamembala onse.

Chida chake ndi chotani?

Tonse tinaonapo munthu akutukula mwala waukulu ndi mtengo wautali. Nzeru yake ndi yomweyo.

Pezani zinthu izi:

1. Nsanamira ziwiri za mtengo wolimba.
2. Mtengo wa bulugamu wouma, wopanda ming'alu, wotalika mamita 3, wonenepa masentimita 15. Paipi yachitsulo ya mainchi 3 imagwiranso ntchito.
3. Chitsulo chachifupi cholimba, cha masentimita 30. Ichi ndiye mwendo.
4. Masipuling'i akale a galimoto, aja aatali ophwatalala.
5. Mabawuti awiri onenepa.

Kumbani dzenje lakuya mita imodzi pabwalo la koperativa, pamalo osalala. Khomani mtengo wopingasa kumunsi kwa nsanamira ziwirizo kuti zisazuke. Ziimikeni m'dzenje, pakati pawo patsale mpata wolowa bulugamu. Tsinderani ndi miyala ndi dothi. Boolani nsanamira zonse pamwamba pang'ono pa msinkhu wa tayala logoneka pansi. Lowetsani nsonga ya bulugamu pampatapo, n'kupisa bawuti. Bulugamuyo azitha kukwera ndi kutsika.

Tsopano yezani masentimita 50 kuchokera pa bawuti. Pamenepo mangani mwendo ndi bawuti yachiwiri, uzilendewera pansi. Kumunsi kwa mwendo wowotcherera aikepo kachidutswa ka sipuling'i, kopindika ngati mlomo wa tayala. Akapale bwino, kasakhale kakuthwa.

Masipuling'i otsala apatseni wosula makasu. Asule zitsulo zitatu zokanulira, zotalika ngati mkono, zamilomo yosalala.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Bulugamu ndi masentimita 300. Mwendo uli pa masentimita 50. Tikagawa 300 ndi 50 tipeza 6. Ndiye kuti mphamvu ya munthu ikuchulukitsidwa ka 6. Munthu wolemera makilogalamu 60 akatsamira kunsonga, mwendo umakanikiza ngati makilogalamu 360. Akatsamira awiri ndi makilogalamu 720.

Mwaona? Masamu amene timaphunzira madzulo aja ndi omwewa. Ndipo bulugamu safunsa kuti wotsamirayo ndi bambo kapena mayi. Amayi a m'koperativa asaime patali. Ntchitoyi ndi yawonso.

Kagwiritsidwe kake

Imikani thirakitala pamalo osalala ndi olimba. Zimitsani injini, mangani buleki, tsekerani magudumu ena ndi miyala. Masulani pang'ono manati. Kwezani ndi jeke, n'kuika zipika zamtengo pansi pa ekiselo. Jeke yokha musaikhulupirire.

Chotsani kamtima ka m'valavu kuti mpweya wonse utuluke. Matayala ambiri akumbuyo amathiridwa madzi kuti thirakitala isaterereke. Tayala lalikulu limamwa malita oposa 200. Tembenuzani gudumu, valavu ikhale pansi, madziwo atuluke musanachotse manati. Ngakhale lopanda madzi, gudumuli ndi lolemera. Ligwireni anthu anayi, ndipo likayamba kugwa musalimbane nalo, lisiyeni ligwe.

Gonekani gudumu pafupi ndi nsanamira. Thirani madzi asopo kuzungulira mlomo, dikirani alowe. Musathire oyilo, girisi kapena dizilo, zimaononga mphira. Ikani mwendo pa mphira, kufupi kwenikweni ndi limu. Tsamirani pang'onopang'ono, osadumphira. Kwezani, sunthani gudumu pang'ono, tsamiraninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukazungulira, mlomo udzamatuka. Tembenuzani, chitaninso mbali inayo.

Pakati pa limu pali ngalande. Pondani mlomo mbali imodzi kuti ugwere m'ngalandemo. Mukatero mbali ina imamasuka, ndipo zitsulo zokanulira zimagwira mosavuta. Kanulani pang'onopang'ono kuti musalume chubu. Musanabwezere chubu chomata, fufuzani munga m'kati mwa tayala. Palani dzimbiri pa limu. Popani chubu pang'ono chabe kuti chisapindike.

Apa kuwerenga kumapulumutsa moyo

Pambali pa tayala pali zolemba. Mukaona 16.9-30, nambala yoyamba ndi kufufuma kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse m'mainchi. Tayala la 30 lilowe pa limu ya 30 basi. Palinso muvi woonetsa kumene tayala lizungulire. Mukalivala chagada, limadzaza matope n'kumangoterereka.

Popopa, gwiritsani geji. Pokhazika milomo musapyole mabala 2.5, ndiye kuti mapaundi 35. Milomo ikakana kukhala, tulutsani mpweya, pakaninso sopo, yambaninso. Ikakhala, tsitsani mpweya ufike pa mlingo umene buku la thirakitala likunena. Popopa musaime pamwamba pa tayala kapena kutsogolo kwake, ndipo ana akhale kutali.

Zinthu ziwiri musachite ngakhale wina atakulimbitsani mtima. Musathire petulo m'tayala n'kuyatsa machesi. Musawotcherere limu tayala lili pomwepo. Zonse ziwiri zimaphulitsa tayala, ndipo zapha anthu.

Kodi tikulanda ntchito ya makaniko?

Iyayi. Makaniko ali ndi ntchito yake. Limu yong'ambika, tayala lodukira mawaya, ndi limu ya zidutswa ziwiri kapena zitatu imene imapezeka pa ngolo zina, zimenezo n'zake. Limu yazidutswa ikamangidwa molakwika, mkombero wake umaulukira munthu. Musaiyese. Koma munga m'chubu si nkhani yoimitsira ulimi sabata yonse.

Wina adzati, "Thirakitala si yathu, timangobwereka." Zoona. Koma ikaphwa tayala m'munda mwathu, mvula imene ikudutsayo ndi ya yani?

Pa msonkhano ukubwerawu, nkhaniyi ilowe. Sankhani anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, oyang'anira chidachi. Gulani geji, zigamba ndi guluu, mlembi azilembe m'kaundula. Yeserani pa tayala lakale nthawi ikadalipo. Amene waphunzira aphunzitse mnzake.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Chaka chatha thirakitala inaima masiku angati chifukwa cha tayala?
2. Bulugamu akakhala masentimita 300, mwendo pa masentimita 60, mphamvu ichuluka kangati?
3. Pitani pa thirakitala, koperani m'kope manambala onse olembedwa pa matayala.