Chikalata cha Komiti pa Mkangano wa Awedzi a ku KwaZulu-Natal ndi ku Western Cape

Kwa mamembala onse a bungwe lathu la Amalawi owedza nsomba m'nyanja yamchere muno mu South Africa.

Komiti yaona kuti mkangano woti kokoma kuwedza ndi kuti, ku Durban kapena ku Cape Town, wapitirira pa macheza. Ena ayamba kupha nsomba mosayang'ana malire, n'cholinga choti ajambule zithunzi zokhaulitsira anzawo a mbali inayo. Choncho tikulengeza maganizo athu poyera.

Magombe awiriwa sangayikidwe pa sikelo imodzi, chifukwa madzi ake ndi osiyana. Kum'mawa kumayenda madzi ofunda a Agulhas, n'chifukwa chake ku Sodwana Bay kumakodwa marlin, sailfish ndi couta. Pakati pa Meyi ndi Julaye, chikhamu cha sardine chimakwera gombe la kummwera kwa Durban, nsomba zikuluzikulu zili pambuyo. Kumadzulo, mphepo imavundula madzi ozizira a Benguela kuchokera pansi, ndipo chakudya cha nsomba chimachuluka. Kumeneko ndiye kwawo kwa snoek ya ku Hout Bay ndi galjoen ya m'miyala, ndipo amene ali ndi boti lolimba amakapeza yellowfin tuna kutali ndi Cape Point. Wofuna marlin asanyoze Cape Town, wofuna snoek yonona asadandaule ku Durban.

Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti nsomba zatsika mbali zonse ziwiri. Mu 1998 boma lidaletseratu kupha nsomba yotchedwa seventy-four, ndipo mu 2000 lidalengeza kuti usodzi wa mbedza uli pangozi. Mpikisano wounjika nsomba pagombe ungowonjezera vutoli.

Pa chifukwa chimenechi, komiti yagwirizana izi:

1. Bungwe silidzalengeza kuti gombe ili laposa linzake.

2. Pa mipikisano yathu, mapointi azichokera pa nsomba yoyezedwa, kujambulidwa ndi kubwezeredwa m'madzi ili yamoyo.

3. Membala aliyense akhale ndi chilolezo chowedzera malinga ndi lamulo la Marine Living Resources Act la 1998, ndipo akumbukire kuti nsomba yogwidwa ndi chilolezo chimenechi sigulitsidwa.

4. Nyengo zoletsedwa zilemekezedwe. Shad siwedzedwa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala, ndipo nthawi yololedwa munthu asapitirire zinayi pa tsiku. Galjoen siwedzedwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka kumapeto kwa Febuluwale.

5. Wophwanya izi adzayimitsidwa pa mipikisano ya bungwe.

Kusereulana sitikuletsa, ndi mbali ya masewerawa. Koma tikupempha a ku Durban kuti aitane abale awo a ku Cape Town m'nyengo ya sardine, nawonso a ku Cape Town abwezere ulendo snoek ikayamba kudya nyambo. Aliyense akadzionere yekha, ndipo nsomba zotsala azisiyire ana athu.

Mlembi,
m'malo mwa Komiti