MASIKU 30 NGOCEPA KWA MUNTHU WAMBA

Anthu a ku Kitwe sadzaiwala tsiku la 18 February, 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi anatsikira m'Mwambashi kufikira m'Kafue. Nsomba zinafa, mbewu zinapserera m'minda, mipope ya madzi mumzindamo inatsekedwa. Madzi akatayika saoleka. Nthawi yabwino yotsutsa damu lotere ndi pamene cilolezo cake cikuperekedwa kumene.

Lamulo la zacilengedwe la caka ca 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, linaika masiku 30 akuti munthu wosakhutira ndi cigamulo ca bungweli akadandaule kwa Nduna. Ngati sakhutiranso ndi yankho la Nduna, ali ndi masiku ena 30 okacita apilo ku Khoti Lalikulu.

Malire a nthawi ali ndi phindu lake. Kampani imene yabweretsa cuma cake m'dziko muno ndi kulemba anthu nchito singakhale zaka zambiri ili ndi mantha kuti cilolezo cake cidzalandidwa. Koma kalata ya cigamulo imapita kwa kampani imene inapempha. Mlimi wa m'mbali mwa Kafue, kapena mayi wa ku Wusakile, kawirikawiri amamva za nchitoyo ataona zimakina zikukumba. Pamene akusonkha ndalama ndi kufunafuna loya, mwezi watha kale.

Mlandu wa mgodi wa Kangaluwi, m'paki ya Lower Zambezi, ndi cenjezo kwa anthu a ku Migodi. ZEMA inakana mgodiwo mu 2012, koma mu January 2014 Nduna, a Harry Kalaba, anauloleza. Oteteza cilengedwe anathamangira kukhoti. Mu October 2019 Khoti Lalikulu linataya mlanduwo cifukwa mapepala a apilo anali asanaperekedwe, ndipo Khoti la Apilo linagwirizana nalo mu 2021. Zaka 7 zinatha oweruza osafika pa funso lenileni lakuti mgodiwo ungaononge mtsinje kapena ai. Ngati mabungwe okhala ndi maloya anapunthwa motero, nanga munthu wamba?

Cotero Nyumba ya Malamulo ilingalire zoonjezera nthawiyi kufika masiku 90, ndiponso kuti masikuwo aziyamba kuwerengedwa pa tsiku limene cigamulo calengezedwa kwa anthu. ZEMA, imene ili ndi ofesi ku Ndola, izilengeza cilolezo ciriconse pa wailesi m'Cibemba, m'Cilamba ndi m'Cinyanja, ndi kukhoma makalata ku maofesi a khonsolo ndi kwa mafumu.

Pakali pano anthu asagone. Azipita ku misonkhano yomvera maganizo ao, azifunsa tsiku limene cigamulo cinaturuka, ndipo madandaulo azilemba msanga. Khoti Lalikulu liripo ku Kitwe ndi ku Ndola komwe, koma wofika mocedwa angabwezedwe pakhomo ngakhale mlandu wake uli woona.