Mantha a Dzino Ali ndi Mankhwala

Anthu ambili m'midzi amapilila dzino lobooka kufikila tsaya litatupa, cifukwa coopa kukazulitsa. Uku ndi kulakwa, pakuti mafinya a dzino angathe kufalikila kukhosi ndi kupha munthu.

Asanazule dzino, dokotala amalasa nyeleti ya lignocaine m'nkhama kuti pamalopo pacite dzanzi. Wamantha kwambili angapatsidwe mbulu wa diazepam wokhazika mtima pansi. Amakhalabe maso, koma wofatsa. Kugoneka munthu kothelatu kumacitika m'zipatala zazikulu, monga UTH ku Lusaka.

Motelo wodwala aulule kwa dokotala mantha ace, matenda ena, kapena pathupi. Asamwe mowa, ndipo apite ndi wacibale womupelekeza pobwelela. Mankhwala otele si ogula pamsika ai.