Makina oboolera akale asathamangire pasikelo

Mukamayenda m'malo ogula zitsulo zakutha, kaya ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Mchesi, nthawi zina mumapeza makina oboolera oimika, olemera aja, atagonekedwa pamulu kudikira sikelo. Mukafunsa chifukwa, yankho limakhala lomwelo: masipeyala ake sapezekanso. Amalonda anzanga, yankho limeneli latayitsa anthu chuma. Masipeyala ambiri a makina amenewa alipo, koma timawafunsa molakwika.

Pukutani kachitsulo kolembedwa dzina. Mukapeza Fobco, Meddings, Startrite kapena Progress, ndi makina a ku Britain, opangidwa ndi cast iron yochindikala. Mukalowa m'sitolo n'kunena kuti mukufuna beringi ya Fobco, wogulitsa angopukusa mutu. Koma kampani zopanga makinawa sizinkapanga zokha beringi, lamba kapena mota. Zinkagula za miyeso yodziwika, ndipo miyesoyo ikadalipo. Ndiye pitani ndi nambala ndi muyeso, osati dzina.

Beringi imakhala ndi nambala m'mbali mwake. Itsukeni ndi palafini muwerenge. Ngati ndi 6203, bowo lake ndi mamilimita 17, kunja 40, kuchindikala 12. Ya 6204 ndi 20, 47 ndi 14. Izi n'zomwe zimalowanso m'mamota ndi m'mapampu, choncho ogulitsa masipeyala a galimoto ndi a zigayo amakhala nazo. Nambala ikafufutika, pemphani mmisiri ayeze ndi veniya. Apa mpofunika kudekha, chifukwa makina ena akale adapangidwa m'miyeso ya mainchi. Shafiti ya 5/8 ya inchi ndi mamilimita 15.875, osati 16. Kusiyanako n'kochepa m'maso, koma n'kokwanira kuti makina azinjenjemera mpaka kuboola mabowo okhota.

Lamba nayenso savuta. Ambiri mwa makinawa amayendera lamba wa chilembo A, wotambalala pafupifupi mamilimita 13. Wakale akakhalapo, ngakhale woduka, mutengeni. Ngati adatayika, zungulizani chingwe pamapule awiriwo, mota ili pakati pa malo ake osunthira, n'kupita nacho chingwecho. Chaki, chija chimagwira biti, chimalowa pachitsulo chosongoka cha muyeso wake, monga JT6, JT33 kapena B16, ndipo makina ena ali ndi bowo la Morse nambala 2. Kawirikawiri muyesowo umalembedwa pachaki chakale. Musachitaye musanawerenge.

Mabawuti ndiwo amapusitsa ambiri. Makina akale a ku Britain kawirikawiri ali ndi mazinga a Whitworth, omwe sagwirizana ndi a masiku ano. Bawuti ya M12 imayamba kulowa m'bowo la theka la inchi ngati ikukwana, kenaka imalimba, ndipo mukaikakamiza ndi sipanala mwaononga mazinga a m'thupi la makina. Pomasula, sungani bawuti iliyonse m'chitini, ngakhale yadzimbiri. Ikasowa imodzi, mmisiri wa lathe akhoza kusema ina poonera inzake. Yemweyo ndi amene angakupangireni zogwirira, mabushi, kapena kukulitsa bowo la pule.

Mota ikapsa, si mapeto a makina. Choyamba onani ngati ndi ya magetsi a three phase, chifukwa yotere siyenda pa magetsi a 230V a m'nyumba ndi m'mashopu ambiri. Mutha kuikapo ina ya single phase, koma werengani liwiro. Makina ambiri oboolera amafuna mota yozungulira pafupifupi 1 425 pa mphindi. Mukaika ya 2 850, ngati ya pampu, mabiti azipsa tsiku ndi tsiku ndipo phindu lonse lithera pomwepo. Sipuling'i yobweza chogwirira m'mwamba ikaduka kumapeto, amisiri amatenthetsa nsonga yokhayo n'kupinda ngowe ina. Imasulidwe mosamala, imatha kufwamphuka n'kucheka zala.

Pali zinthu zitatu zomwe ndalama yochepa singakonze, ndipo mtengo wa makina uyenera kuchokera pamenepo. Choyamba ndi shafiti yaikulu yomwe imazunguza chaki. Mangani kachitsulo kowongoka m'chaki, zunguzani ndi dzanja. Kakamavina, vuto likhoza kukhala chaki chabe, koma ngati shafiti yeniyeniyo idapindika, tsitsani mtengo kwambiri kapena asiyeni. Chachiwiri ndi mpope womwe umatsika mukakoka chogwirira. Utsitseni wonse muugwedeze, ndipo onani ngati mano ake ali onse. Chachitatu ndi ming'alu pamutu wa makina. Cast iron siwotchereredwa ndi ndodo wamba, imang'alukanso pambali. Imafuna ndodo za nickel kapena kumata ndi brass, chitsulocho chitatenthetsedwa kaye, n'kuchikwirira mumchenga kapena m'phulusa kuti chizizire pang'onopang'ono. Tebulo longoboolekaboleka lisakuopseni, limagwirabe ntchito.

Ena anena kuti bola kugula atsopano, chifukwa amabwera ndi lisiti ndipo ayamba ntchito tsiku lomwelo. Akunena zoona, makamaka kwa munthu yemwe oda ya mageti kapena mafelemu a mawindo ikumudikira sabata ino. Koma chichokereni pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja wakhala wolasa m'thumba, ndipo makina atsopano otsika mtengo amakhala opepuka, sachedwa kuyamba kugwedera. Musanasankhe, lembani papepala: mtengo wa makina akalewo, beringi, lamba, chaki, mota ngati ikufunika, mmisiri ndi thiransipoti. Zonse pamodzi zikaposa mtengo wa atsopano, asiyeni. Zikachepera, ndipo zitatu zija zili bwino, mwapeza makina omwe mudzasiyire ana.

Inunso ogula zitsulo zakutha, musamafulumire kuphwanya. Ngakhale makina omwe mutu udasweka ali ndi pule, tebulo, zogwirira, sipuling'i ndi mabawuti a Whitworth omwe wina akuwasaka mtauni yonse. Pasikelo zimenezi ndi makilogalamu ochepa chabe. Zikamasulidwa n'kuyalidwa pabenchi, chilichonse chimakhala ndi mtengo wakewake.