Cala pa Pepala Sicikwanira

Abale, pali mau amene timamva kwa ena ophunzira, akuti munthu wa kumudzi sangathe kuzindikira za kafukufuku wa mankhwala. Angodinda cala pa pepala, kwatha. Mau amenewa tiwakana ndithu, pakuti ayesa munthu ngati mbuzi ya pa msika.

Kuyesa mankhwala atsopano pa anthu sikuli koipa ai. Popanda kuyesa sitikadadziwa ociza ndi opweteka. Coipa ndico kubisa. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 kufikira 1972, madotolo a boma anayang'anira amuna akuda 399 odwala cindoko, osawauza dzina la nthenda yao. Ndipo atapezeka mankhwala a penisilini, anawamana, kuti aone umo nthendayo iphera munthu. Nzeru zopezedwa motero ziri zakuba.

Kodi njira yoongoka palibe? Iripo, ndipo tinaiona kwathu kuno. Ku Lilongwe, pa Cipatala ca Kamuzu Central, a UNC Project anathandiza kafukufuku wa maiko 9 wochedwa HPTN 052, wa mabanja 1,763 m'mene mmodzi anali ndi HIV, mnzace wopanda. Ena anayamba msanga ma ARV, ena anayembekeza. M'caka ca 1911 panalibe wolota zotere. Koma mu 2011 kunaoneka kuti kuyamba msanga kucepetsa kupatsirana ndi magawo 96 pa 100. Eni kafukufuku sanadikire tsiku lomariza: anaulula, napereka mwai wa mankhwala kwa oyembekeza aja. Kumeneko ndiko kulemekeza munthu.

Cifukwa cace inu amai opita ndi ana ku Bwaila kapena ku Area 18, akakupemphani kulowa kafukufuku, musacite manyazi kufunsa. Magazi anga apita kuti? Ndikadwala nao mankhwalawa, adzandiciza ndani? Kodi komiti ya Unduna wa Zaumoyo yavomereza? Akuyankheni m'cinenero canu. Mukakana, kapena mukaleka pakati, thandizo la cipatala likhala lanube. Ndipo ndalama ya ulendo siigula thupi lanu.

Ndi inu ofufuza, kumbukani 2017, pamene mbiri yabodza ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje. Pamene coonadi cibisika, bodza limera ngati kaufiti m'munda. Nenani zonse poyera, mobwereza, kufikira gogo wosadziwa kuwerenga atamva. Pamenepo cala cace cidzakhala mau ace eni eni.