Bettye LaVette sanabwerere, anabwerera ndi omvera

Chimbale cha I've Got My Own Hell to Raise, chimene chinatuluka ku America mu 2005, chimayamba popanda ng'oma, popanda gitala, popanda limba. Mumangomva mayi mmodzi wa zaka 59 akuimba yekhayekha nyimbo ya Sinéad O'Connor, ndi mawu okhakhala ngati khasu limene lagunda miyala kwa zaka zambiri, ndipo akamakoka mpweya pakati pa mizere mumaumva mpweyawo. Mayiyo ndi Bettye LaVette, mkhalakale pa nyimbo za soul wa ku Detroit. Chimbalecho chitatuluka, olemba nkhani anangoti wabwerera, ndipo mawu omwewo ndi amene amanenedwa nthawi iliyonse woimba wokalamba akatulutsa chimbale chimene chamveka. Ine ndikuti mawu amenewa ndi olakwika, komanso amabisa mlandu. Munthu amabwerera akakhala kuti anachoka. LaVette sanachoke pamaimbidwe ngakhale chaka chimodzi. Amene anachoka ndi makampani ojambula nyimbo, oulutsa mawu pawailesi ndi ogula zimbale, ndipo mu 2005 iwo ndi amene anabwerera n'kumupeza pomwe anamusiya, akuimbabe.

Mbiri yake ikuchitira umboni. Anabadwa mu 1946 ku Muskegon m'chigawo cha Michigan, n'kukulira ku Detroit, mzinda womwewo umene unabala kampani ya Motown. Mu 1962, ali ndi zaka 16 zokha, anajambula nyimbo yake yoyamba, kampani ya Atlantic n'kuifalitsa dziko lonse, ndipo inalowa m'gulu la nyimbo khumi zokondedwa kwambiri pakati pa nyimbo za rhythm and blues. Mtsikanayo anayamba kuyenda m'mizinda pamodzi ndi akatswiri ngati Ben E. King ndi Otis Redding, amene panthawiyo nayenso anali akungoyamba kumene. Mu 1965 anatulutsa Let Me Down Easy, nyimbo imene okonda soul amaiikabe pamwamba mpaka lero. Kenako mu 1972 Atlantic inamutumiza ku Muscle Shoals, ku Alabama, kukajambula chimbale chathunthu ndi gulu la oimba zida la kumeneko, limene linali litaimbirapo Aretha Franklin ndi Wilson Pickett. Ntchito inatha, ulendo wokalengeza chimbalecho unakonzedwa, matikiti a ndege anatumizidwa. Kenako kampani inasintha maganizo, n'kuuza mayiyo kuti abweze matikitiwo. Iye mwini amafotokoza kuti analowa pansi pa tebulo n'kukhala pamenepo kwa masiku ndithu. Matepi a chimbalecho anakhala m'nkhokwe zaka 28, mpaka munthu wina wa ku France wokonda kusonkhanitsa nyimbo zakale, Gilles Pétard, anawafufuza n'kuwatulutsa mu 2000 pa dzina loti Souvenirs. Anthu atachimva anadabwa kuti chinthu chotere chinabisidwiranji.

Nanga pa zaka zonsezo anali kuti? Anali pantchito. Anaimba ndi kuvina zaka zingapo m'sewero la Bubbling Brown Sugar limene linkayendayenda m'mizinda, anajambula nyimbo ya disiko mu 1978, anatulutsa chimbale ndi Motown mu 1982 chimene sichinalengezedwe mokwanira, ndipo zonse zitaphwa ankaimba m'mabala a ku Detroit, nthawi zina anthu omumvera osakwana kudzaza matebulo awiri. Ku England kunali kagulu ka anthu okonda nyimbo zakale za soul amene sanamuiwale, koma kwawo dzina lake linali litazimiririka. Munthu amene waimba usiku ndi usiku kwa zaka 43 sitinganene kuti wabwerera. Tikatero timakhala ngati tikunena kuti anatopa kapena anagonja, ndipo mlandu wa zaka zimene sankamvekazo timausenzetsa iye, pamene amene anatseka matepi m'nkhokwe timawasiya osawafunsa kanthu.

Izi sizinachitikire iye yekha, ndipo n'chifukwa chake sindivomera kuti linali tsoka chabe. Woimba Ruth Brown anagulitsa zimbale zambiri m'zaka za m'ma 1950 moti anthu ankati kampani ya Atlantic anaimanga ndi iye, koma zaka zotsatira anapezeka akugwira ntchito zapakhomo kwa anthu ndi kuyendetsa basi ya ana asukulu, mabuku a kampaniyo akusonyeza kuti iye ndi amene ali ndi ngongole kwa iwo. Zinatengera loya wina dzina lake Howell Begle kulimbana nawo zaka zambiri kuti mu 1988 kampaniyo ivomere kuwerenganso ndalama za oimba ake akale ndi kupereka thandizo loyambitsira bungwe la Rhythm and Blues Foundation. Howard Tate, amene mawu ake ankagwedeza anthu m'ma 1960, anasowa mpaka ena kumaganiza kuti anamwalira, pamene anali moyo, atavutika ndi mankhwala osokoneza bongo ndi kugona pabwalo. Anapezeka mu 2001 n'kujambulanso mu 2003. Malonda a nyimbo ankatenga oimba akuda ali anyamata ndi atsikana, kuwasainitsa mapangano amene sankawamvetsa, kuwafinya, ndipo mafashoni akasintha, disiko ikabwera kapena makina akalowa m'malo mwa oimba zida, kuwataya ngati nzimbe yotafuna kale. Chimbale cha muukalamba chikamatuluka, chimatuluka pamwamba pa mbiri imeneyi.

Wina anganene kuti ndikukometsa zinthu, kuti zimbale zoterezi ndi malonda basi: kampani yaona kuti pali anthu azaka zawo amene akulakalaka nyimbo za ubwana wawo, yatenga gogo, yamuveka suti, yapeza ndalama. Zimbale zotero zilipodi, ndipo n'zosavuta kuzizindikira. Zimabwereza nyimbo zakale za woimbayo ndi zida zatsopano, zimadzaza alendo otchuka pa nyimbo iliyonse kuti dzina lawo likoke ogula, ndipo mawu a mwini wake amakwiriridwa pansi pa phokoso kuti ukalamba usamveke. Koma chimbale cha LaVette sichinapite njira imeneyo. Mulibe nyimbo yake yakale ngakhale imodzi. Nyimbo zonse khumi zinapekedwa ndi akazi, ena mwa iwo Dolly Parton, Joan Armatrading, Lucinda Williams, Rosanne Cash, Aimee Mann ndi Fiona Apple, anthu amene ambiri saimba soul n'komwe. Kampani imene inachitulutsa, ANTI-, ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimphona zija. Amene akufuna kugulitsa chikumbutso sangasankhe nyimbo zimene omvera sanamumvepo woimbayo akuimba, ndiponso sangayambe chimbale ndi mawu okhaokha opanda chida chowaphimba.

Mfundo ina yotsutsa ndi yolemera kuposa imeneyi, ndipo siyenera kupeputsidwa. Amati taonani amene amatsegula chitseko: pafupifupi nthawi zonse ndi mzungu wachichepere wochokera ku nyimbo za rock. Joe Henry ndi amene anatsogolera kujambula chimbale cha LaVette, ndipo ndi iye yemweyo amene mu 2002 anatsogolera Don't Give Up on Me cha Solomon Burke, chimene chinadzaza ndi nyimbo za Bob Dylan, Van Morrison, Tom Waits, Elvis Costello ndi Brian Wilson. Mavis Staples, amene anayamba kuimba ndi banja lake m'ma 1950, analandira mphoto yake yoyamba ya Grammy pa chimbale chakechake mu 2011, atagwira ntchito ndi Jeff Tweedy wa gulu la Wilco. Kodi ndiye kuti woimba wakuda samveka mpaka azungu atamuvomereza? Funso limeneli ndi loona, ndipo yankho lake ndi lochititsa manyazi: inde, ndalama, manyuzipepala ndi mphoto zili m'manja mwa omwewo. Komabe manyaziwo ndi a malondawo, osati a chimbalecho. Ndipo mukamvetsera bwino mupeza kuti mphamvu m'situdiyo sinali kwa wojambula. LaVette sankaimba nyimbo mmene anaipezera. Mu nyimbo ya Lucinda Williams yotchedwa Joy anachotsa mayina a matauni a mwini wake n'kuikamo mizinda ya moyo wake, Detroit ndi Muscle Shoals pakati pake, moti nyimbo ya munthu wina inasanduka mlandu wake wa iye mwini. Burke nayenso analowa m'situdiyo ndi woimba limba wa kutchalitchi kwake, Rudy Copeland, munthu wosaona amene ankadziwa kumutsatira mbusa wakeyo mmene woimba zida wolembedwa ganyu sakanathera. Nzeru ya Henry inali yodziwa kuchepetsa zida, kujambula masiku owerengeka ndi kusiya akuluakulu kuti atsogole.

Ena amati mawu a munthu wokalamba ndi mawu owonongeka, ndipo kuwatama n'kuchitira chifundo chabe. Apa m'pamene ndikuona kuti anthu sakuimvetsa soul. Nyimbo zimenezi zinachokera m'matchalitchi a anthu akuda a ku America, kumene munthu amaimirira n'kuchitira umboni zimene wadutsamo, mpingo n'kumamuyankha. Muyezo wake si kusalala kwa mawu ayi, koma ngati womvera wakhulupirira. Mtsikana wa zaka 16 angaimbe za kusiyidwa ndi mawu okoma ngati uchi, koma amakhala akuimba zimene wangomva. Mayi wa zaka 59 amene anabweza matikiti a ndege akamaimba za chimwemwe chimene analandidwa, mumadziwa kuti angakuuzeni tsiku lake ndi mzinda wake. Ndipo si mabala a moyo okha, palinso luso limene limakula ndi nthawi. Amene ankayang'anira ntchito yake ali wamng'ono, Jim Lewis, ankamukakamiza kuphunzira nyimbo za akatswiri akale a jazz, zimene iye panthawiyo ankaziona ngati za agogo, pomuuza kuti kutchuka n'kosadalirika koma wodziwa kuimba sagona ndi njala. Zotsatira zake zikumveka pachimbalechi: amadziwa pochedwetsa liwu, pomeza mawu, pokhala chete kuti womvera adikire. Mawu apamwamba amene anali nawo mu 1965 ena anatha, n'zoona. Koma amene amati kumeneko n'kuwonongeka ayerekeze yekha Let Me Down Easy ya 1965 ndi mmene ankaiimbira pamaso pa anthu zaka makumi anayi pambuyo pake, aone kuti yomugwira pakhosi ndi iti.

Nkhani yoti sanapeke yekha nyimbozo siyenera kutitayitsa nthawi. Aretha Franklin sanapeke Respect, anaipeka ndi Otis Redding, koma palibe amene amakayikira kuti nyimboyo inasanduka ya ndani.

Chimene ndingavomereze kwa otsutsa n'chakuti chimbale chimodzi sichibweza zaka zotayika. Burke analandira Grammy yake yoyamba mu 2003, ndipo mu 2010 anamwalira pabwalo la ndege la Schiphol ku Amsterdam ali pa ulendo wokaimba. Tate anamwalira mu 2011. Charles Bradley anatulutsa chimbale chake choyamba mu 2011 ali ndi zaka 62, n'kumwalira mu 2017. Zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu za ulemu sizilipira zaka makumi atatu za kuiwalidwa, ndipo pa woimba mmodzi aliyense amene anapezedwa alipo ambiri amene anapita matepi awo ali m'nkhokwe. N'chifukwa chake nkhani yokoma ya kubwerera imandivuta: imatipatsa mathero osangalatsa kuti tiiwale kufunsa za mapangano, za ndalama za umwini wa nyimbo ndi za amene amasunga matepi. Kuno kwathu tinaziona ndi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930 ndipo aimba moyo wawo wonse. Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020, nyimbo yawo ya Linny n'kufalikira dziko lonse pa TikTok, ena ankalankhula ngati agogowo atulukira kumene, chikhalirecho gitala yawo sanaiikepo pansi. Funso la phindu limene linafika m'thumba mwawo linabwera mochedwa, anthu atavina kale.

LaVette anali ndi mwayi woti moyo unamupatsa nthawi yaitali kuposa anzakewo, ndipo anaigwiritsa ntchito. Mu 2008 anaimba nyimbo ya gulu la The Who pamwambo wa Kennedy Center Honors polemekeza gululo, eni nyimboyo akumuyang'ana ali kakasi. Mu Januwale 2009 anaima pa Lincoln Memorial ku Washington pamwambo wokondwerera kulowa m'boma kwa Barack Obama, n'kuimba nyimbo ya Sam Cooke pamodzi ndi Jon Bon Jovi. Koma chimene chikutsimikizira mfundo yanga kuposa zonsezi chinachitika mu 2007, pamene anapitanso ku Muscle Shoals kukajambula chimbale chotsatira, n'kuchitcha The Scene of the Crime, kutanthauza malo amene panachitikira mlandu. Gulu limene linamuimbira zida linali Drive-By Truckers, lotsogoleredwa ndi Patterson Hood, mwana wa David Hood, mmodzi wa oimba zida a ku Muscle Shoals amene anamuimbira pa chimbale chobisidwa chija cha 1972. Bambo Hood nawonso analowa m'situdiyo n'kunyamula gitala yawo ya besi, patatha zaka 35, kuimbira mayi yemwe uja kudera lomwe lija, ndipo ulendo uno chimbale chinatuluka chaka chomwecho n'kusankhidwa kukapikisana pa mphoto ya Grammy.