Kodi Botolo Lija Lalowa Bwanji M'sewero?

Ife a ku Kanjedza malonda sitiwaopa. Tinakulira pafupi ndi Kamuzu Stadium, kumene ngakhale matimu ankatchedwa maina a makampani. Bata Bullets inatenga dzina la nsapato, pamene Wanderers inakhalapo ya Yamaha, ya Limbe Leaf, kenaka ya Be Forward. Pamenepo panalibe chobisika. Aliyense ankadziwa kuti kampani yalipira.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi malonda ozembera m'masewero a pa wailesi yakanema, ndi m'timasewero ta pa Facebook ndi TikTok. Bambo wa m'sewero wagona, akubuula. Mkazi wake abwera ndi botolo la mankhwala azitsamba, kamera n'kuima pa dzina la botololo. Posakhalitsa bambo uja wadzuka, akuvina! Ife tikufa nazo nseko, osadziwa kuti munthu akutitsatsa malonda.

Nzeru imeneyi si yachilendo ayi. Mu 1982 maswiti a Reese's Pieces anaonekera m'filimu ya E.T. ku America, ndipo anthu anawagula kwambiri. Koma pamene dziko la Britain linalola malonda otere pa wailesi yakanema mu 2011, linalamula kuti chilembo cha P chizioneka, kuti woonera adziwe kuti pali wina walipira.

Ena adzati ochita masewero nawonso ayenera kudya. Zoona, ndipo sindikuwaletsa. Ndikungopempha kuti azitiuza. Taganizani za mayi wa ku Bangwe amene watsala ndi ndalama zochepa, mwana akutentha thupi. M'malo mothamangira ku Queen Elizabeth, agula botolo lija chifukwa wamasewero amene amamukonda anamwa n'kuchira. Amalonda akamafuula pa wailesi, mayiyu amadziwa kuwakayikira. Koma munthu amene wakhala akumuseketsa zaka zambiri amukayikira bwanji?

Choopsa china, anzanga, n'chakuti anthu akazindikira kuti apusitsidwa, amayamba kukayikira zonse. Tsiku limene sewero lomwelo lidzanena zoona, monga za kusamba m'manja nthawi ya kolera ngati ya 2022 ndi 2023 ija, adzangoti nawonso awalipira.

Lamulo loteteza ogula tili nalo kuyambira 2003, ndipo bungwe la CAMA lilipo. Nanga chikuvuta n'chiyani kulamula kuti mawu oti "Awa ndi malonda" azilembedwa pakona ya kanema?